Kenelo Ndinaisinthira Pachulu

Laputopu yanga yatsopano inakana kugwira wayifayi tsiku lomwe ndinaikamo pulogalamu yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux. Ndinakwera minibasi kupita pa Chitakale kwa bambo ena okonza makompyuta, amene mankhwala awo pa nthenda iliyonse ndi amodzi: kufufuta zonse.

"Amayi, zimenezi si za kuno," anatero bambowo atangomva za Linux, asanaiyatse n'komwe laputopuyo. "Ndikuikireni zomwe aliyense amagwiritsa ntchito."

Ndinaitsomphola m'manja mwawo. Dzina langa ndi aliyense?

Kwathu ku Thuchila ndinafufuza pafoni mpaka ndinamvetsa. Vuto linali kenelo, mtima wa pulogalamu umene umalankhula ndi zida za m'kati. Yanga inali yakale, sinkazidziwa zida zatsopanozo. Ndinalumikiza foni ku laputopu ndi chingwe kuti ndikopere kenelo yatsopano pa intaneti, n'kukakhala pachulu kuseri kwa nyumba, poti netiweki imagwira pamenepo pokha. Dzuwa linandiwamba, odutsa n'kumaseka. Kenelo yatsopano italowa, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinazula chingwe, laputopu n'kugwira wayifayi ya pafoni, intaneti osaduka.

Mawa lake ndinabwerera pa Chitakale n'kuiyatsa patebulo pawo.

"Bambo, mumati si za kuno. Ndaikonzera pachulu. Nanga chulu cha ku Thuchila chili kunja kwa dziko lino?"