Mwala wa Nyumba ya Eni

M'mawa uliwonse, akagwada pamoto kuti afukule makala amene anawakwirira ndi phulusa dzulo lake, a Bairbre ankatchula nyumba za m'mudzi. Ankayambira kudooko n'kumakwera nazo msewu mpaka kuphiri: kwa Seán wa Peige, kwa Micil wa Nóra Wamtali, kwa Tomás wa Darach, kwa Cóilín wa Séamas, komwe kunali kwawo. Silinali pemphero, koma ankanena chapansipansi ngati pemphero, uku akuuzira moto. Pofika pa nyumba yomaliza, ketulo inkakhala itayamba kulira. Zambiri mwa nyumbazo zinagwa madenga kalekale, ndipo mkati mwake munkabisala nkhosa mvula ikamagwa.

Nyumba zonsezo zinali za a Mulkerrin. Kuno kumadzulo kwa Carna dzinali lili ngati miyala ya m'munda, ukaponda apa ulipeza, ukaponda apo ulipeza. Wansembe wina anawauzapo kusukulu, a Bairbre ali kamtsikana, kuti limatanthauza mbewu ya munthu amene anadzipereka kwa Ciarán Woyera. Iwo anamva n'kuzisiya pomwepo. Dzina loti aliyense ali nalo sungaitanire munthu kudzadya. Munthu kuno amadziwika ndi dzina lake, la bambo ake ndi la agogo ake, kapena la mayi ngati mayiyo ndi amene anali mzati wa pakhomo. Iwo anali Bairbre wa Cóilín wa Séamas. Loti Mulkerrin ankati ndi la aboma, la adokotala, ndi la pabokosi la maliro.

Pakhomo pa a Cóilín anakula ana awiri, a Bairbre ndi mlongo wawo wamng'ono, Máirtín. Máirtín anapita ku Boston ali mnyamata, m'zaka zimene mudzi unkatha ngati thumba lobooka pansi. Ena analowera ku Portland, ena ku London, ena ku Australia komwe sikubwera ngakhale mtembo. A Bairbre ndi amene anatsala ndi makolo, ng'ombe, ndi kamunda ka mbatatesi kamene ankakathira ndere za m'nyanja. Panali mwamuna wina wa kuchilumba amene anawafunsira, koma nthawi imeneyo bambo awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mwamunayo sanadikire. Máirtín poyamba ankatumiza mawu ndi aliyense wobwera, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako zii. Sanayambane. Zinangozilala.

Makolo atapita, ng'ombe itagulitsidwa, a Bairbre anatsala ndi chinthu chimodzi chodikira: kuti wina wa magazi a Máirtín adzaponde pakhomopo iwo adakali moyo. Sankauza munthu. Koma m'miyezi ya dzuwa, alendo a ku America akayamba kuzungulira ndi magalimoto obwereka kufunafuna kwawo kwa makolo awo, iwo ankangoti akamva galimoto ikuchepetsa liwiro, epuloni yavulidwa kale, tsitsi likukonzedwa ndi manja. Mlendo aliyense ankamufunsa funso limodzimodzi, loti ndi wa yani. Amene ankadziwa kuyankha, ankamutengera mpaka pabwinja la kwawo, kumuonetsa pamene panali bedi ndi pamene pankagona mwana wa ng'ombe, n'kumuuzanso amene agogo ake ankamufuna asanakwere sitima. Alendowo ankalira, kuwajambula, n'kumapita. Palibe anali wawo.

Beartla wa Páidín, amene amayenda ndi galimoto yogulitsa zapagolosale Lachisanu lililonse, nayenso Mulkerrin, ankadziwa zonsezi ndipo sankawasiya.

“A Bairbre, sabata ino mwatola zidzukulu zingati mumsewumu?”

“Zidzukulu zikanakhala zogulitsa, iwe ukanazikweza mtengo ngati shuga wakoyu. Ndipatse tiyi uzipita.”

Mayi uja anabwera mu Ogasiti, kukugwa mvula yowaza. Anali yekha, wa zaka za m'ma makumi atatu, atavala jekete lofiira lomwe linkaonekera kutali. Anaima pakhomo n'kunena kuti dzina lake ndi Denise, wachokera ku Boston, ndipo akufuna nyumba imene anabadwira agogo ake, bambo a mayi ake. Anati agogowo anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo chimene ankadziwa n'choti anali Martin Mulkerrin, wa kufupi ndi Carna, m'mbali mwa nyanja.

A Bairbre anagwira chitseko ndi manja onse awiri. Chingelezi chawo chinali ngati nsapato za kutchalitchi, ankachivala mwa apo ndi apo ndipo chinkawathina. Anafunsa pang'onopang'ono, dzina la Martin akulitchula mwa kwawo.

“Máirtín wa yani?”

Mayiyo sanamve funsolo. Anabwereza kuti Mulkerrin, n'kulitchula bwinobwino ngati akuuza munthu wogontha. A Bairbre anafotokoza kuti zimenezo amva, koma bambo ake a Máirtínyo anali ndani, nanga agogo ake? Mayiyo anapukusa mutu, akumwetulira mwamanyazi. Sankadziwa.

Pamenepo chiyembekezo cha a Bairbre chinazima. A Máirtín Mulkerrin amene anakwera sitima ya ku Boston kuchokera m'mudzi uno wokha anali angapo. Ndipo Máirtín wawo sakanalera mwana, mwanayo n'kuberekanso wake, osamuphunzitsa kunena kuti Cóilín, kuti Séamas. Kuno mwana amadziwa zimenezo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Munthu wobisa dzina la bambo ake ndi amene anachoka pakhomo atatukwanizana nawo, ndipo woteroyo a Bairbre ankamudziwa: Máirtín wa Seán wa Peige, amene anachoka bambo ake atamuponyera mpando. Zonse zinagwirizana. Anatuluka pakhomo n'kumulozera mayiyo bwinja la kufupi ndi dooko, lachitseko choyang'ana kunyanja.

Sanamulowetse m'nyumba. Buledi wa tsiku limenelo anali atapserera pansi ndipo anachita naye manyazi. Komanso anali atakwiya pang'ono, mkwiyo wa munthu amene wavula epuloni pachabe. Anaima n'kumaonerera jekete lofiira likutsika msewu, kenako analowa n'kutseka.

Kufupi ndi dooko kuli nyumba yatsopano, mmene amakhala Treasa, mkazi wachitsikana wokwatiwa kuno, wosalankhulalankhula. Iyeyu ndi amene ankadzera kwa a Bairbre akamayendetsa mwana wake wakhanda, kudzaona ngati utsi ukufuka ndiponso ngati mapiritsi akumwedwa. Patapita masiku anabwera monga mwa nthawi zonse, n'kupeza a Bairbre akusenda mbatatesi. Anakhala pampando wa pawindo, mwana ali pamiyendo, ndipo pofuna kuti m'nyumba musangokhala chete, anayamba kusimba za mlendo wa jekete lofiira.

Anati anamupeza pabwinja la kwa Seán wa Peige, atagwada pamene pankakhala moto, akulira. Anali atazula kamwala pamenepo n'kukaika m'thumba la jekete, kuti akapatse mayi ake. Mvula itakula anabisala limodzi pakhoma, ndipo mlendoyo ankaseweretsa tizala ta mwanayu. Ndiye mlendoyo anati chimene amakumbukira kwambiri pa agogo ake ndi dzanja lawo lamanzere, lomwe linali ndi chala chimodzi chachidule. Ankaopsezera nacho ana. Ankati anawadula ndi mlongo wawo ndi chikwakwa, akumweta ndere pamiyala nyanja itaphwa, ndipo mlongoyo anawabereka kumsana mpaka kunyumba, akulira kuposa mwini chala.

Mpeni unaima. A Bairbre anayang'ana mbatatesi imene inali m'manja mwawo kwa nthawi ndithu.

“Chala chiti?”

“Chamkombaphala, anatero.”

“Anasuntha dzanja ndi iyeyo,” anatero a Bairbre. “Ine ndinamuuza kuti agwire cham'mwamba.”

Treasa anangomukumbatira mwana. A Bairbre anamaliza kusenda mbatatesi ija, anaiponya m'madzi, anatenganso ina. M'kamphindi kamodzi anali atamva zinthu ziwiri: kuti mdzukulu wa mlongo wawo anaima pakhomo pawo mvula ikumunyowetsa, ndiponso kuti Máirtín anamwalira kalekale, iwo akuvulirabe epuloni magalimoto.

Anayesa kumufuna mdzukuluyo. Treasa sanamufunse mlendo uja dzina la bambo ake, manyazi anamugwira, ndipo popeza anali mwana wa mwana wamkazi, sakanakhala Mulkerrin. Mwamuna wa Treasa anafufuza pafoni madzulo angapo, n'kupeza a Mulkerrin ochuluka ku Boston kuposa amene atsala kuno, ena ku Portland, ena m'mizinda imene a Bairbre anali asanaimvepo. Beartla anatumiza mawu kwa asuweni ake. M'mudzi muno aliyense ali ndi msuweni ku Boston, ndipo msuweni aliyense ankadziwapo Martin Mulkerrin wina wake, wina womanga nyumba, wina woyendetsa basi, wina chidakwa cha ku Dorchester, koma palibe anali atamuyang'anapo zala. Lachisanu lotsatira Beartla anangowapatsira tiyi ndi shuga, n'kufunsa za bondo lawo. Nthabwala ya zidzukulu sanaibwerezenso, ndipo a Bairbre anaisowa.

Tsiku lina kutacha bwino anatenga ndodo n'kutsikira kudooko, ulendo umene anali atausiya chifukwa cha bondolo. Analowa m'bwinja la kwa Seán wa Peige, nkhosa zinathawa, ndipo anapapeza pamene panazulidwa mwala, kadzenje kakuda kodzaza madzi a mvula. Anaima pamenepo atatsamira ndodo. M'maganizo ankaona mwalawo uli pashelefu m'nyumba ina ku Boston, mwana wa Máirtín akuupukuta fumbi, akuuza ana kuti pamwala uwu ndi pamene agogo anu ankawothera moto. Mwala wa nyumba imene munthu anaponyera mwana wake mpando. A Cóilín sanakwezepo dzanja pa mwana, ngakhale tsiku la chala lija anangotuluka n'kukaima kukhola mpaka mkwiyo utatha. Zimenezi ndi zimene zinkawapweteka a Bairbre kuposa zonse. Anauza Treasa kamodzi kokha, pobwerera, atapuma pageti pake, kenako sanazitchulenso.

Miyezi ya dzuwa itabweranso, magalimoto obwereka anayambanso kudutsa. Tsopano a Bairbre ankalowetsa aliyense. Buledi apse bwino, apserere, mlendo ankakhala pansi n'kumwa tiyi, ndipo iwo ankamuyang'ana nkhope ndi manja nthawi yaitali mpaka mlendoyo kusowa poyang'ana. Ena anali a ku Germany ongofunsa njira. Jekete lofiira silinaonekenso.

Chifuwa chinawagwira kuzizira kutayamba, ndipo Khirisimasi isanafike anawatengera kuchipatala ku Galway. Kumeneko anali Mayi Mulkerrin. Anamwino ankawasamala bwino, koma dzinalo likaitanidwa iwo ankachedwa kutembenuka, ndipo nthawi zina ankatembenuka limodzi ndi gogo wina wa bedi la pakona, wa kuchilumba, yemwenso anali Mulkerrin. Awiriwo anafunsana kuti ndinu wa yani, anatsatira mayina mpaka kutopa, osapeza pamene akumana. Gogoyo ankalandira alendo Lamulungu lililonse, ana ndi zidzukulu kuzungulira bedi, ndipo a Bairbre ankatembenukira kukhoma kuti asaoneke ngati akuwerenga anthu a eni.

Treasa anapita kukawaona masana ena, pa basi, mwana ali m'manja. Anawapeza atachepa, tsitsi litapesedwa mwa mtundu wina umene iwo sakanalola. Anawauza za kumudzi: kuti nkhuku akuzipatsa chakudya, kuti mphepo yagwetsa geti la kwa Micil, kuti Beartla akuti achire msanga chifukwa tiyi wawo palibe wina amamugula. A Bairbre anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwatsamwitsa. Anapempha kuti mwana amuike pabedi, ndipo anamugwira kadzanja.

Nthawi yoona odwala itatha, Treasa akumuveka mwana chipewa, a Bairbre anamukoka mkono wa juzi. Anati kiyi ali pansi pa ndowa yakale, kuseri kwa nyumba, ndipo asamupereke kwa wina aliyense. Treasa anavomera ndi mutu.

“Mwana wa jekete lofiira uja akadzabweranso, usadzamuimike pakhomo, wamva? Ndipo usadzamufunse kuti ndi wa yani. Udzangomufunsa dzina la mayi ake, poti ine sindilidziwa. Akakuuza, iwe udzamuuze dzina lake lonse, kuyambira iyeyo mpaka kwa Séamas, abwereze mpaka aligwire.”

Anapuma, maso ali kudenga, dzanja lisanasiye juzi.

“Mwala wa kwa Seán wa Peige adzabweze, ndi wa eni. Wathu udzamuzulire wa pamoto, wa kumanzereko, umene Máirtín ankakhalira.”