Dzanja la Akudenga

Anthu ankangowatchula kuti Akudenga, poti ntchito yawo inali yomanga maeriyo a TV pamwamba pa nyumba. Anali bambo wamfupi, wopepuka ngati mphaka, nthabwala zili pakamwa. Mkazi wawo ankawatsatira atanyamula waya ndi pulayala. Bambo akakwera, mayi ankaima pabalaza maso ali pa kanema, n'kumakuwa pawindo: "Zungulizani pang'ono! Mwapitiriza! Basi, yagwira!"

Tsiku lina anaitanidwa kwa telala wina amene nyumba yake inali kunsi kwa mawaya a magetsi. Telalayo ankafuna paipi ya eriyo yaitali kuposa ya neba wake. Akudenga anakana kaye, koma atawanyengerera anavomera. Mayi anali atangolumikiza waya kuseri kwa TV pomwe anamva phuu, kenako chinthu cholemera chikugubuduzika pa malata. Atatuluka anapeza mwamuna wawo ali kwala pafupi ndi mpopi, malaya akufuka utsi.

Kuchipatala anawadula dzanja lamanja m'chigongono. Anabwerera kunyumba osafuna kuona ngakhale m'bale.

Koma njala sidziwa kuti m'nyumba muli matenda. Mabala atapola, mayi anavala thalauza la mwamuna wawo n'kusenza makwerero.

"Mayi a mwana, mukaterereka ndikuwakhani ndi chiyani?" anafunsa Akudenga.

"Inu ingogwirani makwerero, bambo. Zinazo n'zanga."

Makomo ena anawabweza. "Mkazi padenga langa? Ayi, pepani." Ena ankawalola kuti angoonerera ndi kuseka. Malata otentha anawawotcha mawondo, waya anawang'amba zala, koma zithunzi zinkabwera. Akudenga ankatsamira makwerero ndi chifuwa, maso pansi, kumva anthu akunong'ona za iwo. Kenako anasiya kupita nawo. Ankangokhala kuseri kwa nyumba, pa ndowa yovundikira, mpaka dzuwa kupendeka.

Masana ena mayi anawapeza pomwepo, waya ali m'mano, akuyesa kumusenda ndi dzanja lamanzere. Mlomo unali utang'ambika, magazi akudontha pa malaya. Ataona mkazi wawo anatembenukira kukhoma.

Mayi anatula makwerero, anatunga madzi, anawapukuta pakamwa. Kenako anakhala pansi pambali pawo, natulutsa mpeni.

"Mawa kuli nyumba ziwiri," anatero. "Gwirani uku, ine ndisende."

Akudenga anatembenukira kwa mkazi wawo. Kenako anagwira wayayo.