Batire ya Foni ya Atate

Ndikukumbukira Juni wina kwathu, mbali za ku Shikabeta, ndili ndi zaka naini. Amai anali ku Mpanshya, kudikirira kuchira pafupi ndi chipatala chifukwa mimba inkawavuta. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi atate, ndi chimanga chosakolola.

Atate anali ndi kafoni kakale kokhala ndi batire yotopa. Kutchaja kunali kumsika, ulendo wa njinga. Kukazizira, batire ija inkangofa ngakhale itchajidwe dzulo lake, ndipo kwathu netiweki inkapezeka pachulu chimodzi chokha cha kumunda, pomwe mphepo inkawomba osapuma. Ndiye atate ankaichotsa m'foni, kuikulunga m'sokosi, n'kuipana m'khwapa. Ankati batire ili ngati mwanapiye, imafuna kutentha kwa thupi. Dzuwa likakwera ankaibwezera, n'kukwera pachulu kukamva za amai.

Tsiku limenelo mame anali oluma zala. Atate ankadula mapesi, ndipo m'khwapa simukanakhala kanthu, choncho anandipatsa ine sokosi ija.

“Uike pamimba, mkati mwa chitenje. Pamimba, wamva?”

Ndinamva. Koma ndinali kuwotcha kandolo, mbatata ija, m'mphepete mwa munda, ndipo nzeru zinandibwerera: ngati kutentha pang'ono kumathandiza, nanga kutentha kwambiri? Ndinaiika pamwala pafupi ndi moto, n'kutanganidwa ndi kandolo wanga. Pomwe ndinkamva kafungo ka sokosi yowauka, batire inali itatupa ngati chitumbuwa. Ndinaibwezera pamimba msangamsanga, ikundiwotcha, osalira.

Inakana kulowa m'foni. Atate anaitembenuza kawiri, nanena kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba. Sanandifunse kanthu. Anayang'ana chimanga, anayang'ana njira, kenako anandisiya kwa azakhali n'kupalasa njinga mpaka ku Mpanshya. Anakapeza amai atachira m'mawa womwewo, mwana wamwamuna, ataimbira atate kangapo pa foni ya anzawo osayankhidwa, akulira poganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Atate anabwerako patapita masiku atatu, ng'ombe za eni zitadya mikukwe iwiri.

Ndiulule: mpaka lero sindinawauze. Ndapita kukoleji, ndili ndi pepa, ndili ndi mwana wa miyezi isanu ku Rufunsa kuno, koma pakamwa pamalemabe. Mafoni a lero batire sichoka, ndipo ndili ndi pawabanki, komabe kukazizira ndikamapita kusikelo, foni ndimailowetsa m'chitenje pakati pa ine ndi mwana, n'kumaigwiragwira njira yonse, kuopa kuti ingazime tsiku lomwe wina akundifuna.

Mwezi watha atate anabwera kudzaona mdzukulu. Ataona ndikutulutsa foni pamimba, anaseka chamumtima.

“Eya, pamimba,” anatero. “Osati pamwala.”