Khoko la nandolo ndi diso langa lotsala

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Seputembala, chaka chimene tinavota kachiwiri chibwerereni matipate. Ndinkapuntha nandolo pabwalo kwathu kufupi ndi Fort Lister, mphepo ikuwomba kuchokera ku Michesi. Nditamenya mulu ndi ndodo, kachikhoko kouma kanadumpha n'kundilowa m'diso lakumanja. Ndinatikita ndi nsonga ya chitenje, misozi inatuluka, ndipo ndinapitiriza ntchito chifukwa ogula anali atayamba kale kuzungulira m'midzi ndi masikelo awo.

Kwa munthu wina imeneyi sikanakhala nkhani. Koma ine diso lakumanzere linafa ndi chikuku ndili mwana. Ndalima, ndakwatiwa, ndabereka, ndaika mwamuna wanga m'manda, zonsezi ndi diso limodzi, ndipo sindinalolepo munthu kundimvera chisoni. Ondidziwa amati ndine wamakani. Sindikana.

M'mawa mwake diso linafiira, likumveka ngati muli mchenga. Ndinapita kwa mayi Muhowa, amene m'mudzi mwathu ndi odziwika pochotsa zitsotso ndi lilime. Anandinyambita m'diso, kenako anafinyiramo madzi a masamba. Sindikuwanena, anachita zomwe amadziwa, ndipo tonse tinakulira zomwezo. Pofika Lamlungu manthongo achikasu ankamata zikope, dzuwa linkandilasa, mutu ukuwawa mbali imodzi. Kutchalitchi akwaya ndinangowamva mawu, nkhope zawo zili ngati anthu oima kuseri kwa utsi. Lolemba m'mawa ndinawomba nkhokwe yanga yomwe ndi chipumi. Pamenepo ndinachita mantha enieni.

Achimwene anga a Witinesi, omwe ndi eni mbumba kwathu, ananditenga pa njinga kupita ku chipatala cha mishoni. Tili m'njira anayankhula osacheuka.

"Mlongo, zikavuta ndiye kuti Lusiya abwere azikugwirani dzanja. Sukulu adzaionanso."

Lusiya ndi mwana wanga wotsiriza. Nthawi imeneyo anali Folomu 3 ku sekondale yogonera komweko, woyamba m'banja mwathu kufika pamenepo. Mawu a achimwenewo anandipweteka kuposa diso.

Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Dokotala woona za maso anandithira mankhwala amtundu, nawunika ndi tochi. Anati pakati penipeni pa diso panali chilonda, ndipo chinali chitayamba mafinya. Anandifunsa chimene ndinathiramo, ndinamuuza, ndipo sanandikalipire.

"Mwabwera mochedwa, mayi, koma tiyesetsa. Sindikulonjezani kuti muonanso."

Anandigoneka m'wodi ya amayi, alamu anga a Felesiya ali ondidikirira. Pofika tsiku lotsatira chikope chinatupa mpaka kutsekeka, ndipo ndinali mumdima weniweni. Namwino amene ankandisamalira kwambiri anali Sisita Namakhwa. Sindinkamuona, ndinkangomudziwa ndi kulira kwa nsapato zake ndi fungo la sopo m'manja mwake. Sanandikhudzepo asanayambe wanena kuti ndi iyeyo ndiponso chimene akufuna kuchita. Ankatsuka diso ndi thonje lonyowa, kuchokera kumphuno kupita kukhutu, thonje lililonse kamodzi kokha. Masiku oyamba mankhwala odontheza ankathira ola lililonse, usana ndi usiku, akumasinthana ndi anzake. Mankhwalawo ankaluma ngati tsabola.

Chimene chinandivuta kwambiri sikunali kuwawako. Alamu anga, ndi mtima wawo wabwino, ankandidyetsa phala ndi supuni ngati khanda, ndipo popita kuchimbudzi ankandikoka pamkono. Tsiku lina m'mawa ndinakankha kapu n'kuwakalipira wodi yonse ikumva. Ndinamva nsapato zija zikubwera. Sisita anakhala m'mphepete mwa bedi, nandifunsa m'Chilomwe kuti ndakwiyira ndani. Ndinalira ndi diso lodwala lomwelo, n'kumuuza za Lusiya.

"Za diso tisiyireni ife ndi dokotala," anatero. "Koma zoti mwana asiye sukulu, zimenezo tithana nazo inu ndi ine. Dzukani."

Anaika dzanja langa pakhoma. Anandiphunzitsa kulondola khomalo mpaka pachitseko, kumva ndi phazi pomwe simenti yathera, kuzindikira mpopi ndi phokoso la madzi. Anandionetsa kuthira madzi m'kapu chala chili pamlomo wa kapuyo, kuti ndidziwe ikadzaza. Anawauzanso alamu anga kuti asamandikoke, azingondipatsa chigongono ndikachifuna, ndipo chinthu chilichonse azichibwezera pomwe achitenga. Ndinagunda mabedi a anthu, ndinatuluka zotupa m'miyendo, ndinatukwana mumtima kangapo. Sisita ankangoti, "Bwererani pakhoma, muyambirenso." Munthu ameneyo chifundo anali nacho, koma sichinali chonyengerera.

Loweruka la sabata yachiwiri achimwene anabwera, atakonzeka kuti akachoka pamenepo akatenge Lusiya. Nditamva mawu awo pakhonde ndinawauza alamu kuti akhale pansi. Ndinadzuka ndekha, ndinalondola khoma, ndinatulukira pakhondepo n'kuwapatsa moni. Kenako ndinawathirira madzi akumwa m'kapu, osataya ngakhale dontho. Anamwa pang'onopang'ono, nandibwezera kapu.

"Mwana uja akhale kaye kusukulu," anatero potsazika.

Tsiku limenelo ndinali ndisanaone kanthu, koma ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba chibwerereni m'chipatalamo.

Kutupa kunayamba kuphwa sabata yachitatu. Poyamba ndinkangoona zenera ngati chinthu choyera, kenako mitundu ya zitenje za odikirira odwala. M'mawa wina Sisita atamaliza kutsuka, ndinaona nkhope yake. Ine ndinkaganiza kuti ndi chimayi chachikulu chojintcha, koma anali mtsikana wochepa thupi, wosaposa mwana wanga woyamba. Ndinamufunsa ngati ndi iyeyo amene wakhala akundilamula masiku onsewa. Anaseka, nati ndikweze mutu athire mankhwala.

Ananditulutsa chakumapeto kwa Okutobala. Anandiuza kuti ndizisamba m'manja ndisanakhudze diso, ndizipewa utsi wa kukhitchini, ndisagawire munthu mankhwala anga ngakhale maso ake atafiira bwanji, ndipo ndizibwera kudzaonetsa pa masiku amene anandiuza. Ndinatsatira zonse. Ndi nkhani yokhayo pamoyo wanga imene sindinachitepo makani.

Lusiya anadzamva zonsezi mu Disembala atabwera ku tchuthi. Ndinamuzindikira ndekha akutulukira panjira, sutikesi ili pamutu. Ataona chipsera choyera m'diso mwangamu analira, nandifunsa chifukwa chake sitinamuitane. Ndinamuuza kuti ine ndinali ndi ntchito yanga, iyenso anali ndi yake.

Papita zaka tsopano. Chipsera chilipobe, ndipo ndimaona ngati ndikusuzumira pa nsalu yopyapyala. Komabe ndimalima, ndimapita ku msika wa pa Boma ndekha, ndipo munthu akayandikira ndimamudziwa. Popuntha nandolo ndimavala magalasi, anzanga n'kumandiseka kuti ndasanduka kalaliki. Aziseka. Dokotala anandiuza kuti ndikanabwera Lachitatu lija, mwina chipserachi sichikanakhalapo. N'chifukwa chake ndikuti kanthu kakakulowani m'diso, likafiira ndi kuwawa, musathiremo masamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala otsala a mnzanu. Tsukani ndi madzi oyera, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Nandolo mudzamupeza.

Lusiya anamaliza sukulu, ndipo pano akuphunzitsa ana. Chinthu chimodzi chokha chimandikanika mpaka lero, kulowetsa ulusi pasingano. Akabwera kudzandiona amandilowetsera masingano angapo n'kuwabaya pa nsalu yotchinga pazenera. Ndiyo ntchito yokhayo yondisamalira imene ndinamulola.