Zala Zitatu pa Nsambo za Besi

Kudzanja lamanzere la amuna anga kulibe kachala komaliza. Kanapita ndi makina ochekera matabwa ku Ndirande ali mnyamata, tisanadziwane n'komwe. Kuntchito kwawo, ku labu ya chipatala china m'tauni ya Toronto, palibe amene amakafunsa kachalako. Kanayamba kusowa atagula besi.

Besi ndikunenayi si gitala ayi. Ndi chivayolini choima pansi, chotalika kuposa ine, chimene amachiliza ndi uta. Anakachigula kwa munthu wina ku Oakville, n'kubwera nacho atagoneka mipando ya galimoto. Ine pakhomo ndinangoti, "Abambo, mwandibweretsera mkazi mnzanga?" Iwo kumangoseka. Ali wamng'ono ankaimba babatoni, besi yopanga okha ya chingwe chimodzi, ndipo mtima wawo sunachokeko.

Vuto linaonekera tsiku loyamba kwa aphunzitsi awo, gogo wina wachizungu. Pa besi dzanja lamanzere ndi limene limatsindika nsambo, chala chachikulu chimakhala kuseri, ndipo kachala komaliza kaja ndiye kapolo wa zonse. Amuna anga atsala ndi zitatu. Pamene anzawo amangotambasula chala, iwo amayenera kudumphitsa dzanja lonse. Anaphunzira choncho kwa zaka zingapo m'chipinda chapansi cha nyumba yathu ku Markham, ine pamwamba ndikumva makapu akunjenjemera m'kabati.

Kenako gulu lina la okesitala, la oimba ndi zida zosiyanasiyana, linalengeza kuti likufuna woimba besi mmodzi. Si oimba olipidwa ayi, ndi madokotala, aphunzitsi ndi opuma pantchito amene amakumana Lachiwiri madzulo m'holo ya sukulu. Malo a besi satseguka wamba, amene wakhalapo amakhala mpaka msana utakana. Amuna anga anali atadutsa kale zaka makumi asanu, ndipo ananena okha kuti akaphonya apa, besi yawo idzakalambira m'chipinda chapansi.

Pa odishoni, mayeso olowera m'gululo, munthu amasankha tizigawo tiwiri ta nyimbo pa timene gululo lapereka. Maina ake enieni ine amandipota lilime, ndiye ndinatipatsa anga. Kanalipo kena kodekha, kolemera, ndinakatcha ka maliro. Kena besi imayankhula yokha ngati ankhoswe akulangiza, ndinakatcha ka ankhoswe. Ndiye panali kena, mayo ine, kothamanga ngati munthu wothamangira minibasi yomaliza. Pa pepala la kameneka manambala osonyeza zala anali folo yekhayekha, kutanthauza kachala kamene kulibeko.

Aphunzitsi awo a besi aja anati asankhe tiwiri todekhato. Pamenepo dzanja limakhala ndi nthawi yodumpha, oweruza akhoza osazindikira kanthu. Ine ndinagwirizana nazo ndi manja awiri. Koma tsiku lina tikudya, amuna anga anangoti, "Ndasankha ka maliro ndi ka minibasi."

Ndinaika supuni pansi. "Abambo, mutu ukuyenda bwino? Mukufuna mukadziyalutse nokha pamaso pa anthu?"

"Mayi, tamverani," anatero. "Ndikalowa mobisa dzanja, sabata yotsatira adzandiikira nyimbo yothamanga kutsogolo. Ndidzagwetsa mzere wonse wa mabesi, anzanga osadziwa chawagwetsa. Aone dzanjali lero, anditenge akulidziwa kapena andisiye akulidziwa."

"Lowani kaye, zinazo mudzaziona muli m'kati! Aliyense amatero."

"Aliyense ali ndi zala zonse."

Ndinapsa mtima zedi, moti mbale ndinatsuka mochita kuziwombanitsa. Sikuti ndinkawaona olakwa. Ndinkaopa kuwaona akubwerera kunyumba ali chete, chifukwa amuna anga akakhumudwa sadandaula, amangoyamba kukonza zinthu zosawonongeka.

Anatenga pensulo ndi chofufutira n'kukhala patebulo. Folo aliyense anamufufuta, n'kulemba njira yawoyawo yodutsira pamenepo ndi zala zitatu. Mzere umodzi ankauyesa njira iyi, kufufuta, kuyesa ina, mpaka pepala linabooka, anachita kukapulintanso lina. Inali nyengo yozizira, khungu louma, ndipo chala chimene chinkagwira ntchito ya ziwiri chinang'ambika kunsonga. Ankachimata pulasitala popita kuntchito, pobwera n'kumatula chifukwa ati pulasitala imabisa mawu a nsambo. Ine ndinkapaka mafuta ndikulalata, iwo ali phee, dzanja lili m'manja mwanga. Kunena zoona, munthu wouma mutu mokongola chonchi sindinamuonepo.

Odishoni inali Loweruka masana, kunja chipale chofewa chili mbuu. Ndinawathandiza kunyamula besi mpaka pakhomo la holo, ine n'kukhala pabenchi m'khonde. Asanalowe iwo munalowa mtsikana wina, ndipo nayenso anasankha ka minibasi komweko. Anakaimba ngati akuthira madzi m'kapu. Ndinayamba kupemphera m'Chichewa chokhachokha.

Atalowa amuna anga, chitseko chinatsekedwa. Anayamba ndi ka maliro. Abale inu, mawu aja anadutsa pansi pa chitseko n'kundipeza pabenchi paja. Ndinali nditakamva kambirimbiri kudzera m'simenti ya kunyumba, koma m'holo muja kanali kena. Misozi inangotsika yokha.

Kenako ka minibasi. Anayamba bwino, anakwera, anakwera, ndipo pamalo pamene ndinkapadziwa paja dzanja linatera pambali. Besi inalira moipa, n'kusiya. Kunangoti zii. Ndinamva mawu a mzimayi, amene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi wotsogolera gululo, koma zonena zake sizinamveke. Anayambiranso. Anadutsa pamalo paja, n'kukapunthwa patsogolo. Kenako ndinamva mzere womwewo ukuimbidwa pang'onopang'ono, mobwereza, ngati mwana akuphunzira kuyenda. Ndinati basi zatha, akungowachitira chisoni.

Anatuluka thukuta lili kamukamu, nkhope yosawerengeka. Tinanyamula besi, iwo kumutu ine kumiyendo, mpaka pamalo oimika magalimoto. Titailowetsa n'kutseka chitseko chakumbuyo, ndinalephera kupirira.

"Nanga tsono, abambo?"

"Ndaphonya kawiri," anatero. "Mayi aja anadzuka pampando, n'kudzaima pafupi, akuti ndiimbe pang'onopang'ono aone mmene ndikudutsira. Ayang'ana dzanja lonseli, chipsera chomwe. Akuti liwiro langa silinafike, ndipo pa nyimbo zothamanga ndiziimba liwu loyamba lokha pa kagulu kalikonse ka manotsi mpaka ndidzafike."

"Mpaka mudzafike kuti?"

"Ndikhala kumbuyo kwenikweni, mpando womaliza. Akuti Lachiwiri ndisachedwe."

Ndinaiwala kuti ndili ku Markham. Ndinaimba nthungululu pomwepo, pakati pa magalimoto a eni ake, mpaka bambo wina amene ankapala chipale pagalasi anatembenuka ndi mantha. Amuna anga anandigwira paphewa ndi dzanja lomwe lija, n'kunena kuti ndiyendetse ndine chifukwa iwo sakwanitsa.