Kompyuta Imene Inkadana ndi Mabvuto

Masiku a chipani chimodzi aja, Loweruka lililonse ine ndi mnzanga Mabvuto tinkachoka ku Kabwata kupita ku Kabulonga, dera la olemera, kwa mnzathu Chisanga, amene bambo ake anabwera ndi kompyuta kuchokera kunja. Tinkachita masewera a patebulo, aliyense n'kukhala msilikali wa m'nthano. Ukalemba dzina lako, kompyuta inkakupangira msilikaliyo, n'kumugawira mphamvu ndi nzeru mwamwayi.

Wa Mabvuto nthawi zonse ankatuluka wofooka, woyamba kufa nkhondo ikangoyamba. Ife tinkaseka.

Tsiku lina Mabvuto atapita kuchimbudzi, Chisanga anandionetsa mzere umene anawonjezera mu pulogalamu ya kompyutayo: dzina likakhala Mabvuto, mphamvu zizikhala zochepetsetsa. "Osamuuza, iwe," anatero. Ndinaseka mpaka kutsamwa ndi buledi. Buledi wake anali wopaka batala, pomwe kwathu amayi ankaswera pamzere wa ufa.

Tikubwerera pa minibasi, Mabvuto anandifunsa, "Iwe, nanga mashini ija yaziba bwanji kuti ndine wovutika?" Sankaseka ayi. Ine ndinayang'ana pawindo n'kumuuza kuti ndi tsoka chabe, adzayesenso sabata yamawa.

Anayesadi kangapo, kenako anasiya kubwera. Sindinapite n'komwe kukamufunsa chifukwa. Ndinapitiriza ndekha, mpaka Chisanga atapeza anzake atsopano a ku Woodlands. Loweruka lina ndinalemba dzina langa, kompyuta n'kunditulutsira kamsilikali kosatha ngakhale kunyamula mkondo. Onse anafa nacho chiseko. Ine, amene ndinkadziwa bwinobwino chimene chachitika, ndinaseka kuposa onsewo.