Madontho Ofiira pa Memori

Kabotolo ka kyuteksi yofiira ka amayi ndimakakumbukira kuposa nkhope za anzanga a Sitandade 7. Kankakhala pawindo, kuseri kwa kalilole, ndipo m'nyengo yozizira ya chaka chimenecho ndinkakatenga mobisa, koma osati kuti ndipake zikhadabo.

Amalume anali ndi kashopu kokonza mawailesi pa Boma. Tsiku lina anatsika minibasi ndi makompyuta akalekale amene ofesi ina ya ku Blantyre inataya, achikasu ngati mano a munthu wa fodya. Anandilozera imodzi nati, "Ukaidzutsa iyi, ndi yako." Kwathu malume ndiye mwini mbumba, mawu ake sabwezedwa. Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, kupusa kwanga.

Mkati mwake munali pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, yopanda zithunzi, zilembo zoyera zokhazokha pagalasi lakuda. Ukaiyatsa zilembo zinkathamanga bwinobwino, kenaka pakatikati n'kuima, n'kusanza manambala osamveka. Nthawi zina inkangolira pii, pii, osaonetsa kanthu. Amalume anati vuto ndi memori, timatabwa tobiriwira tooneka ngati chipeso. Anandiphunzitsa kukhudza kaye chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asawononge memori, kupukuta mano a kathabwa ndi rabala ya pensulo, ndi kuika tiwiritiwiri tofanana, poti makina a mtundu umenewo sankalola kathabwa kamodzi kokha. Panalinso kadisiki koyezera. Mizere yofiira ikayamba kutuluka pagalasi, ndiye kuti kena mwa tiwirito ndi kowola.

Ndikaweruka kusukulu ndinkalunjika kushopu, chiperoni chikutsika m'phiri la Michesi, zala zitachita dzanzi. Ndinazula timatabwa m'makompyuta akufa aja n'kumayeza, kusinthanitsa, kuyezanso, fungo la fumbi lotentha lili m'mphuno. Kalikonse kamene kapambana ndinkakadonthezera kyuteksi pakona kuti ndisasokoneze. Sichinali chinsinsi, kungoti panalibe wofunsa.

Sukulu ili pafupi kutsekera, kompyuta yanga inadzuka. Inafika mpaka pondifunsa dzina, ndipo inakhala masana onse osakomoka. Tsiku lomwelo aphunzitsi athu anabwera kudzatenga wailesi yawo. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenaka anatuluka panja ndi amalume.

Loweruka ndinayatsa kompyuta yanga, manambala osamveka aja mbwee. Amalume sanatembenuke n'komwe. "Manja akowo. Si ndinakuuza kuti uzikhudza chitsulo?" Ndinalira, ndikudzida. Koma nditatsegula bokosi ndinapeza timatabwa topanda dontho ngakhale limodzi. Pashelefu panali kompyuta ina yofundidwa chitenje, yodikira aphunzitsi. Amalume atapita kukadya ndinamasula zomangira zake. Madontho anga onse anali momwemo.

Ndinathamangira kunyumba kukauza amayi. Anasiya kusankha mpunga, nandiyang'ana. "Amalume ako sangakubere. Usadzanenenso zimenezo." M'mawa mwake analawirira osanena kopita. Masana anandigwira dzanja mpaka kushopu, ndipo amalume anatsegula bokosi la aphunzitsi pamaso pathu. Timatabwa tonse tinali mbee.

"Madontho akewo ali kuti?" anafunsa amalume.

Amayi ankayang'ana pansi. Ine ndinagwada n'kupepesa munthu amene anandibera. Choipa kwambiri n'chakuti ndinayamba kukayikira maso anga omwe. Kushopu sindinapondekonso.

Lero ndimadya za makompyuta, ndipo ndikamapukuta memori ndi rabala mtima umawawabe. Za amalume sindidabwa, anthu otero alipo. Ndikudziwanso kuti bambo atachoka, munda umene tinkalima ku Jenala unali m'manja mwa amalume, ndipo amayi analibe kwina kolowera. Ndikumvetsa, inde. Koma kumvetsa sikunandichotsere mkwiyo.

Madzulo a tsiku lopepesa lija amayi anandikhazika pakati pa miyendo yawo kuti andiluke tsitsi. Ankaluka mofatsa kuposa masiku onse, osakoka ngakhale pang'ono. Zala zawo zikadutsa pafupi ndi nkhope yanga ndinkamva fungo lakuthwa la mankhwala ochotsera kyuteksi. Ndinaziyang'ana zalazo, zikhadabo zonse zinali zofiirabe. Ndinangodabwa kuti nanga amayi amachotsa chiyani, poti kyuteksi yawo ili pomwepo.